Kutsogolo kwa ka Citi Golf kaja tamaliza

Anyamata, kutsogolo kwa kagalimoto ka VW Citi Golf kaja tamaliza lero kuno ku Joni! Tinamasula zonse za sasipenshoni, zitsulo zolumikiza matayala ku galimoto zija, mashoko, masipuling'i, ma control arm, ma ball joint mpaka ma tie rod end. Mabushi, timalabala tokhala polumikizana zitsulo tija, anali atang'ambikiratu, labala yake imachita kuyoyoka ukaikanda ndi chala, nchifukwa chake kamangoti gugudu gugudu pa hampu iliyonse.

Galimotozi anasiya kuzipanga mu 2009 koma masipeya ake ali mbwee. Taika ma coilover (mashoko obwera ndi sipuling'i yake, otha kukweza kapena kutsitsa galimoto), mabushi a polyurethane (pulasitiki yolimba kuposa labala), ndi marimu a aloyi mmalo mwa achitsulo aja. Enanu mumathamangira kuchotsa mipando ndi sipeya tayala kuti galimoto ipepuke, chabwino, koma kulemera kovuta kwambiri ndi kwa zinthu zomwe sipuling'i siyinyamula, rimu, tayala, ma brake disc, habu, zimenezi zikapepuka tayala likadumpha pa bampu limabwerera pansi msanga ndiye limagwira msewu bwino, ngakhale chiwongolero chimamveka kupepuka mmanja.

Zodula masipuling'i ndi grinder kuti galimoto itsike ine ayi ndithu, shoko imafa msanga ndipo sump, chosungira oyilo kunsi kwa injini, idzakhula pansi. Komanso mabawuti a mabushi a labala muzimanga galimoto itatsika pa jeke, itaima ndi matayala ake, apo ayi bushi imapotoka nkung'ambikanso.

Polyurethane ikulimba pang'ono, moti okwera kumbuyo adandaula kale. Mawa mmawa alayimenti, kukawongola kaimidwe ka matayala, ndisanadyetse matayala atsopanowa mbali imodzi.