Strobe pansi pa madzi: muisiye pa TTL kapena muiyendetse nokha?

Strobe ndi nyale yophethira yapadera imene mumalumikiza ku kamera pojambula zithunzi pansi pa madzi. Pa TTL, pamene kamera imasankha yokha mphamvu ya kuwala, fulashi ya kamera imayamba yaphethira pang'ono kuyeza kuwala, kenako n'kuwala kwenikweni. Strobe imangotsanzira zonsezi kudzera mu chingwe chonyamula kuwala cha fiber optic. Zimayenda bwino nsomba ikakhala pafupi n'kudzaza chithunzi, monga mbuna imene ikudya ndere pamwala ku Otter Point, ku Cape Maclear pa Nyanja ya Malawi, masentimita 20 kapena 30 kuchokera pa lenzi. Pamenepo musadzivute, TTL ikukwanirani.

Vuto limayamba mukafuna chithunzi chotakata. Kamera ikaona madzi akuda kumbuyo imaganiza kuti kuwala kwachepa, ndiye imalamula strobe kutulutsa mphamvu zonse. Mbuna ya buluu ija imatuluka yoyera mbee, mizere yake osaoneka. Usipa, poti ndi wonyezimira, umasokoneza kamera mwanjira ina: kuwala kumabwerera msanga, strobe imazima isanakwanitse, chithunzi n'kuda. Zithunzi ziwiri za malo amodzi zimatha kusiyana chifukwa nsomba yangotembenuka.

Ndiye chifukwa chake manual, pamene mumasankha nokha mphamvu ya kuwala, ndi yabwino kuizolowera. Yambani ndi ISO (mmene kamera imamvera kuwala) 100 kapena 200, aperture (kukula kwa bowo la lenzi) f/8, liwiro la shutter (chitseko cholowetsa kuwala m'kamera) 1/125 ya sekondi, strobe pa theka la mphamvu. Jambulani mwala womwe uli patali ngati mkono wanu, muone. Chapafupi chikawala kwambiri, tsitsani strobe. Madzi akumbuyo akada, chepetsani liwiro kufika 1/60. Musasinthe ziwiri nthawi imodzi. Strobe simakhudza madzi akutali, ndipo chinthu chikapitirira mita imodzi ndi theka kuwala kwa strobe kumakhala kutatheratu mphamvu.

Apa pali msampha umene umagwira ambiri: kuphethira koyamba kuja. Strobe ikakhala pa manual koma simunaiuze kuti inyalanyaze kuphethirako, imawalira pomwepo shutter isanatseguke. Maso anu aona kuwala, koma chithunzi chili bii. Musanalowe m'madzi, jambulani strobeyo kamera italoza pagalasi. Ikaoneka yoyaka m'chithunzi, zagwirizana.

Makamera amasiyana. Canon G7 X ikakhala pa M (manual) imalola fulashi ya manual yosaphethira kawiri. Olympus TG-6 ilibe manual yeniyeni, mumangosankha aperture, koma fulashi yake imatsika mpaka 1/64 ya mphamvu zake, zomwe zimasunga batire komanso mumajambulanso msanga. Sony RX100 imaphethira kaye nthawi zonse, ndipo fulashi yake imachedwa kudzadzanso mphamvu. Onaninso strobe musanagule: Sea & Sea YS-03 ndi ya TTL yokha, pomwe Inon S-2000 ili ndi zonse ziwiri.

Tizitsotso toyera todzadza m'chithunzi si vuto la TTL kapena manual. Strobe yayandikira lenzi. Itambasuleni chakumbali, iloze kunja pang'ono kuti m'mphepete mwa kuwala mokha mukhudze nsombayo, ndipo zipsepse zanu zosambirira zisavundule mchenga.