Tsiku limene ndinakamba nthano ku banki

Popeza nkhani ija yafika kale ku Ndirande itamera nyanga ndi mchira, ndaona kuti ndi bwino ndiifotokoze ndekha, ndipo ndiyambe ndi kutsutsa bodza lakuti ndinavina. Sindinavine ayi. Ndinangowomba m'manja kawiri pofika pa nyimbo, monga mmene mwambo umafunira.

Zoona zake n'zakuti pa mafunso olowera ntchito ya teller, uja wolandira ndi kupereka ndalama pa kauntala, ku banki ina mu Limbe, bambo wa tayi yofiira anaika mtolo wa ma K2,000 patebulo n'kundiuza m'Chingerezi kuti ndiwaonetse ngati ndilidi teller waluso. Mutu wanga, umene unaphunzitsidwa kuyambira ku pulayimale kuti tell ndi kunena, unatsimikiza kuti akufuna kumva mmene ndingasangalatsire makasitomala pamzere, ndipo ndalamazo ndinaziyesa mphoto ya wopambana. Ndinakonza kukhosi n'kunena mokweza kuti, "Padangokhala!"

M'chipindamo munagwa bata loti mukanamva nyerere ikutsokomola. Bambo uja anavula magalasi, anawapukuta ndi tayi yake, n'kuwavalanso, ngati kuti vuto linali m'maso mwake. Ndiye mayi wachikulire amene anakhala kumapeto, mutu uli chiweramire pa pepala, anayankha motsitsa kuti, "Tilitonse." Mawuwo anatuluka okha, chifukwa nthawi yomweyo anagwira pakamwa ndi manja onse awiri, cholembera n'kugwa pansi. Koma aliyense woleredwa ndi agogo akudziwa kuti nthano ikayankhidwa siimitsidwa panjira, choncho ndinapitiriza ndi Kalulu amene anakana kukumba chitsime nthawi ya chilala. Ndinasintha mawu pa Njovu, ndinakweza mapewa pa Fisi, ndipo pamene ndinkafika pa Kamba n'kuti mlonda atasuzumira pakhomo kawiri.

Amene mukundiseka, dziwani kuti ndakhala ndikufufuza, ndipo mlandu waukulu ndi wa Angerezi eni ake. M'Chingerezi chakale, chimene chinkalankhulidwa nkhondo ya ku England ya 1066 isanachitike, mawu akuti tellan ankatanthauza zinthu ziwiri: kuwerengetsa zinthu chimodzichimodzi komanso kusimba nkhani mwatsatanetsatane. Ngakhale tale, imene lero ndi nthano, kale inkatanthauzanso chiwerengero. Ku nyumba yosunga chuma cha mfumu ya England, yotchedwa Exchequer, kunali ma teller anayi olandira ndalama, mpaka udindowo unathetsedwa mu 1834, ndipo ku nyumba ya malamulo ya ku London aphungu owerenga mavoti a anzawo amatchedwabe ndi dzina lomweli. Chilembo T cha pa ATM ndi teller yemweyu, ngakhale kuti makinawo, chiyambire 1967 pamene oyamba anaikidwa ku Enfield mu London, sanakambirepo munthu nthano. Ajeremani nawo amati zählen powerenga manambala ndi erzählen posimba nkhani. Ifenso tisadzitame, pakuti mwana akati akuwerenga sitidziwa ngati wagwira buku kapena akuwerenga nkhuku za amayi ake. Kunena mwachilungamo, ine sindinalakwe mawu. Ndinangosankha tanthauzo limene bankiyo sinkalipira.

Tsoka lake n'lakuti zonsezi ndazidziwa patatha milungu iwiri. Pa tsikulo bambo uja anangokweza dzanja n'kufunsa mwaulemu woopsa kuti, "Achimwene, ndalama zili patsogolo panuzo ndi zingati?" Ndinaziyang'ana koyamba ngati ntchito, ndinanyambita chala, ndipo ndinasokoneza katatu ndisanafike pa 20, chifukwa m'mutu mwanga Kalulu anali adakali pachitsime.

Potuluka, mayi uja ananditsatira mpaka pamasitepe n'kundinong'oneza kuti, "Mwanawe, kwathu ku Ntcheu Kamba ankadzola phula pamsana, iwe wasiya zimenezo." Ndinavomera kuti ndinalumphadi. Envulopu ya masatifiketi anga ndinaiiwala patebulo pomwepo, ndipo ndikufunabe munthu woti akanditengere.