Mmene ndimapangira fudge ya chokoleti ndi malalanje mu microwave

Fudge ndi switi yofewa imene imadulidwa m'tizidutswa. Yachikale, ija inatchuka ku America cha m'ma 1880, ndi ntchito ya pamoto yofuna dzanja lozolowera. Umawiritsa shuga, mkaka ndi batala mpaka zitafika madigiri 115 a Celsius kapena cha pomwepo, n'kuzisiya zipoleko, kenaka n'kutakasa mpaka mkono kuwawa. Ukaphula msanga siilimba, ukachedwa imangofumbutuka. Imene ndimapanga ine si imeneyo ayi. Yanga siiwira n'komwe. Microwave ntchito yake ndi kusungunula basi, ndipo chimene chimalimbitsa fudge pambuyo pake ndi mafuta a koko a m'chokoleti, amene amagwirana okha akazizira. Mukangomvetsa zimenezi, zina zonse ziyenda, chifukwa mudziwa kuti mdani wanu ndi moto wochuluka, osati wochepa.

Kuno ku England, Disembala akamayandikira, masitolo amadzaza ndi Terry's Chocolate Orange, chokoleti chobulungira chokutidwa m'pepala lonyezimira, chimene umachimenyetsa patebulo kuti chigawike m'magawo onga a lalanje. Chinayamba kupangidwa mumzinda wa York mu 1932, ndipo ngakhale fakitale ya kumeneko inatsekedwa mu 2005, anthu kuno akachiona amadziwa kuti Khirisimasi yafika. Ine ndimagula chimodzi cholowa mu fudge, koma ndinene poyambirira pomwe kuti si chofunika kwenikweni. Fungo la lalanje limene ndimalifuna ndimalitenga ku lalanje lenilenilo.

Ndisanayatse chilichonse ndimayamba ndayala zonse patebulo, chifukwa ntchito ikayamba sipakhala mpata wofufuza supuni m'dirowa. Mkaka ndi uja wokhuthala, wotsekemera, wa m'chitini, wolembedwa kuti condensed milk. Kuno chitini chake chimakhala cha magalamu 397, ku South Africa cha magalamu 385, ndipo kusiyana kumeneko sikusintha kanthu. Chenjerani nawo wolembedwa kuti evaporated milk. Zitini zake zimafanana ndipo m'sitolo zimakhala pashelefu imodzi, koma umenewo ndi wamadzimadzi, ulibe shuga wowonjezera, ndipo fudge yake siingalimbe olo mutaigoneka m'firiji sabata yathunthu. Wa condensed uja madzi ake ambiri anachotsedwa kale kufakitale, ndipo shuga amaposa theka la kulemera kwake. Ndiye kuti ntchito yowiritsa ija anthu ena anakugwirirani kale.

Chokoleti chonse cholowa m'mbale chimakhala magalamu 400. Ine ndimaika magalamu 300 a chakuda, cha koko wa 50 kapena 55 peresenti, n'kuwonjezera magalamu 100 a Terry's uja, ndipo magawo otsala ndimawasungira pamwamba. Wopanda Terry's angoika chokoleti cha mkaka wamba pamalo pakepo. Ena amapanga ndi cha mkaka chokhachokha, koma kwa ine imatsekemera mopitirira, munthu ukadya kachidutswa kamodzi kukhosi kumachita kuyabwa, komanso imatuluka yofewa pokhapokha muwonjezere chokoleticho mpaka magalamu 450 kapena 500. Chakuda kwambiri, cha 70 peresenti kupita m'tsogolo, chimapereka fudge yolimba ndi yowawirako, imene akuluakulu amaikonda koma ana amaisiya m'mbale. Muziwerenganso kuseri kwa pepala. Pali chokoleti china chotchipa chophikira makeke chimene m'malo mwa mafuta a koko anaikamo mafuta a zomera zina. Chimalimba ndithu, koma chimasiya phula m'kamwa. Kupatula izi, pamafunika batala wa magalamu 25, kamchere kotsina ndi zala ziwiri, ndi malalanje awiri akuluakulu.

Thireyi yanga ndi ya makona anayi, masentimita 20 mbali iliyonse. Ndimayalamo pepala lophikira makeke, n'kulisiya litatulukira m'mbali ziwiri kuti ndidzagwire pamenepo potukula. Kuti pepalalo lisamasunthe ndimapaka kabatala pansi pa thireyi kaye. Ngati mulibe thireyi yotere, kontena ya pulasitiki yosungiramo chakudya imagwira ntchito bwinobwino, poti siilowa pamoto.

Tsopano malalanje, ndipo apa mpamene ndimakhalitsa. Anthu ambiri akamva zoti fudge ya malalanje amathamangira kufinya madzi. Musatero. Madzi a lalanje ndi madzi basi okhala ndi kashuga ndi kuwawasa pang'ono. Mu chokoleti fungo lake limasowa, ndipo chimene amachita ndi kufewetsa fudge kuti isadulike bwino. Fungo lili m'khoko, m'timatumba ta mafuta tija timakuthovulirani m'maso mukamasenda lalanje. Ndiye ndimatsuka malalanje ndi madzi ofunda, kuwakwecha ndithu, chifukwa a m'masitolo kuno ambiri amawapaka phula kuti aziwala ndi kukhalitsa. Ndikawapukuta mpaka kuuma, ndimatenga gireta, mbali ya timabowo ting'onoting'ono, n'kumapala khungu la pamwamba lokha. Malo amodzi ndimapalapo kamodzi kapena kawiri, n'kutembenuza lalanje. Choyera cha pansi pake chikangoonekera, pamenepo patha, chifukwa choyeracho n'chowawa ndipo chokoleti sichibisa kuwawa kumeneko. Ndimapalira m'kambale, osati pathabwa, kuti mafuta odontha asamwerere m'thabwamo. Mukaona pansi pa kambaleko pali kamadzi konyezimira kachikasu, dziwani kuti kukoma konse kuli pamenepo, ndipo kasatsale.

Amene muli kumudzi, musakayikire malalanje athu chifukwa choti khungu lake ndi lobiriwira. Lalanje limasintha mtundu kukamazizira usiku, ndiye kumadera otentha limatha kupsa n'kutsekemera khungu likadali lobiriwira. Mafuta ake ali momwemo, ndipo kawirikawiri a pamsika sanapakidwe phula. Manachesi a ku Mwanza nawo amanunkhira kwambiri, kungoti khungu lake ndi lopyapyala ndi lofewa, limang'ambika pagireta. Pamafunika atatu kapena anayi, ndi dzanja lopepuka.

Mbale ndimatenga yagalasi, yaikulu, youma bwino. Isakhale yachitsulo kapena ya mzere wagolide m'mlomo, ndipo chitini cha mkaka chisalowe mu microwave, chifukwa chitsulo chimathetheka moto mmenemo. Chokoleti ndimachithyola m'tizidutswa tofanana kukula, chifukwa tikasiyana, tating'ono timapserera tatikulu tisanasungunuke. Ndimathira mkaka wonse pamwamba pake, kukokota chitini ndi supuni, n'kuponyamo batala ndi mchere. Zonse zilowere limodzi kuyambira pachiyambi. Mukasungunula chokoleti pachokha n'kudzathira mkaka wozizira pambuyo, chimadzidzimuka n'kuuma nthawi yomweyo, n'kuchita mibulu. Makoko a malalanje okha ndi amene amadikira panja.

Microwave yanga ndi ya mawati 800. Ndimaitchera masekondi 30, n'kutulutsa mbale, n'kutakasa. Ulendo woyambawu mumaona ngati palibe chachitika: mkaka wangofunda, chokoleti chili chilili. Takasanibe. Ndimabwezera masekondi ena 30. Apa mpamene ambiri amapusitsika, chifukwa chokoleti mu microwave sichitaya maonekedwe ake. Kachidutswa kamaoneka kathunthu, mizere yake ndi dzina la kampani zikuwerengeka, koma ukakagunda ndi supuni kamangophwasuka, m'kati monse kasungunuka kale. Ukadalira maso n'kunena kuti sichinapse, uwonjezera mphindi ina n'kuchipsereza. Komanso microwave siitenthetsa mofanana. Pena m'mbale pamatentha kwambiri, pena pamakhala pozizira, ndipo kutakasa ndi kumene kumagawa kutenthako. Chokoleti sichifuna moto wambiri: mafuta a koko amasungunuka pa madigiri 34 kapena cha pomwepo, kutsikirako pa kutentha kwa thupi la munthu, n'chifukwa chake chimasungunuka palilime.

Ulendo wachitatu ukatha, m'mbale mumakhala mizeremizere, yoyera ndi yakuda, ndi timibulu tochepa tikuyandama. Ine ndimalekera pomwepa. Sindibwezeranso mu microwave, ndimangotakasa mosathamanga kwa mphindi yathunthu, kuyambira pakati kupita m'mbali, kupala pansi ndi m'mphepete. Galasi limasunga kutentha, ndipo kutenthako n'kokwanira kumaliza timibuluto. Ngati pali kena kokanika, masekondi 10 kapena 15 amakwana. Zonse pamodzi sizipitirira mphindi ziwiri za moto. Ngati microwave yanu ndi ya mawati 1000, itsitseni mphamvu kufika pa theka. Ya mawati 700 ingafune ulendo umodzi wowonjezera.

Mudzadziwa kuti yatheka supuni ikayamba kulemera. Zosakanizazo zimakhuthala, zimanyezimira, n'kuyamba kusiya m'mbali mwa mbale ndi kutsatira supuni, monga imachitira nsima ikamapsa m'poto. Mukatukula supuni zimagwa mochedwa, n'kusiya kamulu kamene sikaphwa msanga. Koma mukaona mafuta akutuluka pamwamba, fudge ikuoneka yamchengamchenga, ndiye kuti moto unachuluka. Musaitaye. Thiranimo supuni imodzi yaikulu ya mkaka wamba wofunda n'kutakasa mwamphamvu, nthawi zambiri imabwerera n'kusalala. Chokhacho chosabwezeka ndi kupserera. Fungo la chopserera likangolowa, limamveka m'kachidutswa kalikonse.

Apa mpamene makoko aja amalowa. Ndimawathira moto utatha chifukwa mafuta ake amauluka akatenthedwa, ndiye mukawaika poyamba, khitchini imanunkhira koma fudge n'kutsala yopanda fungo. Ndimakokota kambale konse, n'kutakasa kangapo kuti afalikire. Kenaka ndimalawa. Ngati lalanje likumveka patali, ndimapalanso theka la lina. Ena amawonjezera theka la tiyisupuni la mafuta a lalanje a m'kabotolo, ogulitsidwa pamodzi ndi vanila. Si zolakwika, koma athireni pang'onopang'ono, chifukwa akachuluka fudge imamveka mankhwala. Kumbukiraninso kuti fungo limakhwima ikagona. Imene lero ikumveka bwino pang'ono, mawa imveka bwino kwambiri.

Pothira m'thireyi pamafunika changu, chifukwa imayamba kulimba ikangochoka m'mbale yofunda. Ndimaikankhira m'makona ndi kuseri kwa supuni, n'kusalaza pamwamba, n'kumenyetsa thireyi patebulo kawiri kuti mpweya utuluke. Ndimadikira mphindi zisanu ndisanaike magawo a Terry's aja, apo ayi amasungunuka m'munsi n'kutaya maonekedwe. Ndimawadula pakati n'kuwadinikiza pang'ono m'mizere, moganizira pamene mpeni udzadutse, chifukwa kudula podutsa pagawo louma kumang'amba fudge. Mukapanda Terry's, kuwaza makoko otsala pamwamba kumakongoletsa mokwanira.

Siilowa m'firiji ikadali yofunda. Ndimaisiya patebulo theka la ola, yosavindikira, kuti nthunzi isasanduke madontho pamwamba. Ikazizira ndimaivindikira bwino n'kuiika m'firiji maola atatu, ndipo ikagona usiku wonse ndiye bwino koposa. Kuvindikiraku n'kofunika ndithu, chifukwa chokoleti ndi batala zimakoka fungo la zoyandikana nazo. M'firiji mwanga simusowa usipa kapena anyezi wodula, ndiye ndimaikulunga kawiri.

Podula ndimaitulutsa n'kuisiya mphindi 15 kuti ifeweko, chifukwa yochokera m'firiji kumene imasweka m'mphepete. Ndimaitukula ndi pepala lija n'kuiika pathabwa. Mpeni ukhale wautali. Ndimauviika m'madzi otentha, kuupukuta mpaka kuuma, n'kudinikiza kamodzi kuchokera pamwamba mpaka pansi, osacheka mobwerezabwereza. Mzere uliwonse ukatha ndimapukuta mpeni n'kuuviikanso. N'zochedwetsa, koma m'mbali mwa tizidutswa mumatuluka mosalala, timadontho ta lalanje tikuoneka m'kati mwa chokoleti chakudacho. Mizere isanu uku ndi isanu uku imapereka tizidutswa 36. Tingaoneke tating'ono, koma fudge ndi yolemera, ndipo kamodzi kapena tiwiri ndi tiyi wopanda shuga timakwana. Muiike patali ndi agalu, chifukwa chokoleti, makamaka chakuda, chimawadwalitsa kwambiri.

Ndimasunga m'kontena yotseka bwino, ndi pepala pakati pa mulu ndi mulu kuti tisamatane. M'firiji imakhala masabata awiri osasintha, ndipo mufiriza imatha miyezi iwiri. Musanapatse alendo itulutseni kwa kanthawi, chifukwa ikazizira kwambiri fungo la lalanje silimveka. Kuno m'Disembala imatha kukhala patebulo tsiku lonse osafewa. Ku Malawi Khirisimasi imagwa nthawi yotentha ya dzinja, ndiye achemwali anga ku Blantyre ndinawauza kuti aziika magalamu 450 a chokoleti chakuda chokhachokha n'kuchotsa batala, kuti izipirira kutentha ndiponso magetsi akazima isafulumire kufewa. Akamapita nayo kwina amaikulunga m'timapepala kamodzikamodzi, n'kuiika m'kontena pambali pa botolo la madzi oundana, ndipo imakafika ili yolimba.