Imfa ya Dan Fredinburg pa phiri la Everest

Pa 25 Epulo 2015, chivomezi champhamvu chitagwedeza dziko la Nepal, chipale chofewa chinagumuka n'kusesa msasa wa okwera phiri la Everest, ndipo mmodzi mwa omwalira anali Dan Fredinburg, mkulu wina wa ku Google, wa zaka 33. Uthenga wa maliro ake unafala msanga pa Instagram, ambiri anamutamanda chifukwa cha kulimba mtima kwake, ndipo ena anasonkha ndalama m'dzina lake zothandizira ana amasiye a ku Nepal.

Komabe panali ena odandaula kuti atolankhani a kumayiko a azungu analira kwambiri munthu mmodzi, pamene chivomezicho chinapha anthu pafupifupi 9,000. Dandaulo limeneli ndimalimvetsa, chifukwa pamsasa womwewo panaferanso anthu a mtundu wa Sherpa omwe ankagwirira ntchito alendowo, koma mayina awo sanatchulidwe kwenikweni.