Shopu yathu ya pa Luchenza ndi madoko a ku Mozambique

Shopu yathu ili pa Luchenza, ndipo timagulitsa zomangira nyumba: matailosi, maloko, misomali, penti ndi mapaipi. Kasitomala akadandaula za mtengo ine n'kutchula doko la Beira, amaseka. "Amayi, nyanja ya mchere ikugwirizana bwanji ndi bokosi la matailosi kuno ku Thyolo?" Komatu banja lathu lakhala likudyera m'madoko amenewa kuyambira ine ndisanabadwe.

Bambo anga anali kalaliki wowerengera mabokosi a tiyi pa siteshoni ya sitima pompano. Tiyi wa m'maesiteti a ku Thyolo ndi Mulanje ankabwera pa malole, n'kulowa m'mabogi, ulendo wa ku Beira. Njanji imeneyi ndi yakale. Inafika ku Blantyre mu 1908 kuchokera ku Port Herald, komwe lero timati Nsanje. Nthawi imeneyo katundu wa dziko lino ankadzera pa Chinde, pamene Zambezi amathira m'nyanja, malo amene Angerezi anabwereka kwa Apwitikizi mu 1891. Kunali kovuta: madzi ankangodya gombe, mchenga n'kumatseka njira ya sitima zapamadzi. Mlatho wa njanji wa Dona Ana, wowoloka Zambezi, utatha mu 1935, mabogi anayamba kuchoka kuno mpaka ku Beira osatsitsa katundu pamtsinje. Pobwerera sankabwera opanda kanthu, ndiye bambo, poona matumba a mchere akutsika tsiku ndi tsiku pamaso pawo, anatsegula kaokala ka mchere, sopo ndi palafini. Mayi ndi amene ankakhalapo masana.

Kenako kunabwera nkhondo ya ku Mozambique. M'zaka za m'ma 1980 njanji ya ku Beira inaduka, ya ku Nacala nayonso inaduka, chonsecho inali itangotsegulidwa mu 1970 kudzera pa Nkaya ndi Nayuchi. Katundu anayamba kuzungulira ku Durban, mtunda woposa makilomita 2,000, wina ku Dar es Salaam. Pa okala panatsala mashelefu okhaokha, ndipo tinaphunzira sukulu ndi ndalama za mandasi ndi nthochi. Nkhondo inatha mu 1992, koma mu 1997 madzi osefukira anakokolola njanji ku Chiromo. Bambo anatisiya akunenabe kuti sitima ya ku Beira ibwera.

Nditatenga shopu ndinasiya za mchere. Anthu anali atayamba kumanga nyumba za njerwa zootcha, ena ndi ndalama za ku Joni, ena ndi za tiyi wa m'minda yawo. Poyamba ndinkapikula ku Limbe, koma phindu lake linali longothera pa thiransipoti. Tinagwirizana ndi anzanga ena a ku Chitakale ndi ku Bvumbwe kuti tizisonkherana kontena imodzi kuchokera ku China. Apa ndi pamene ndinaphunzira kuti kontena sadzaza ndi maso. Matailosi ndi olemera kwambiri, moti ukati uike okhaokha mu kontena ya mafiti 20, sikelo imakana pamwamba pakadali malo. Ndiye timaika matailosi pansi, pamwamba n'kuikapo zopepuka monga mapaipi apulasitiki ndi mabeseni. Mkangano wa chaka chilichonse ndi woti wa zolemera alipire zingati, wa zodya malo alipire zingati.

Kwa zaka zambiri tinkadzera ku Beira. Doko limeneli lili pamathiriro a mtsinje wa Pungwe, ndipo mtsinjewo umabwera ndi matope osaleka. Njira yolowera sitima amachita kuikumba kawirikawiri, ndipo sitima zikuluzikulu zimadikira kuti madzi akwere kaye. Kuyambira 1998 mbali ya makontena ikuyendetsedwa ndi kampani ya Cornelder mogwirizana ndi CFM, bungwe la boma loona za madoko ndi njanji ku Mozambique. Kontena ikatuluka imakwera thiraki, kudutsa Chimoio, Tete, Zobue, n'kulowa pa Mwanza. Msewu umenewo matailosi saukonda. Tikamatsegula bokosi timayamba taligwedeza pafupi ndi khutu. Likalira ngati mbale zosweka, timaliika pambali. Zidutswazo sititaya, pali amisiri amene amazigula motchipa n'kukayala pakhonde.

Mu March 2019 namondwe wa Idai anagwetsa Beira katundu wathu ali kumeneko. Msewu wotulukira mumzindawo unaduka, mafoni osagwira. Kontena ikapitirira masiku amene eni ake anakupatsa, umalipira dimareji tsiku lililonse, m'madola. Ejenti wathu atapezeka pa foni anangoti, "Pepani mayi, izi ndi za Mulungu." Za Mulungu zinalidi, koma bilu inabwera kwa ife. Mmodzi mwa anzathu aja anasiyira pomwepo, pano akugulitsa kaunjika.

Za doko la Nsanje sindinena zambiri. Pamene malemu Bingu wa Mutharika ankalitsegulira mu October 2010, ife a kuno tinawerengera kale kuti katundu azitsikira pafupi. Sitima yoyamba yobwera kudokolo kudzera mu Zambezi ndi Shire inagwidwa ku Mozambique, osafika. Ine ndimaona kuti maganizo anali abwino, koma mtsinje wodutsa m'dziko la eni sungaupangire mapulani wekha.

Nacala ndi nkhani ina. Kumeneko nyanja ndi yakuya mwachilengedwe, sipafunika kukumba, ndipo doko lake linatsegulidwa mu 1951. Chimene chinkaligwetsa ndi njanji yotha ndi zipangizo zakale. Zinthu zinasintha chifukwa cha malasha a ku Moatize. Kampani ya Vale ya ku Brazil inamanga ndi kukonza njanji ya makilomita 912 yodutsa m'Malawi muno mpaka ku Nacala-a-Velha, tsidya lina la gombe lomwelo, komwe kunamangidwa doko la malasha okhaokha. Anaitsegulira mu 2017. Sanamangire ife, koma njanji ikakhala yabwino ndiye kuti mabogi a makontena ndi feteleza nawonso ayenda. Doko lakale lija linakonzedwanso ndi ngongole ya ku Japan: anakulitsa malo oikapo makontena, n'kubweretsa makina atsopano onyamulira. Mu October 2023 mapulezidenti atatu, Nyusi, Chakwera ndi Hichilema, anakumana kumeneko potsegulira.

Mwezi wotsatira kwacha inagwa ndi 44 peresenti. Zonse zimene tikanapulumutsa panjira zinathera pomwepo, ndipo makasitomala sanaone kusintha kulikonse pa mtengo, kupatula kukwera.

Komabe kontena zathu zaposachedwa zadzera ku Nacala, ndipo mabokosi olira achepa, poti sitima sigwa m'maenje. Vuto ndi kudikira kuti mabogi apezeke. Anzanga ena amakondabe Beira, akuti thiraki umaiitana lero, mawa yanyamuka. Timakangana, kenako timayang'ana kumene sitima yapamadzi ikufika msanga mwezi umenewo. Kudzera pa Muloza ndi Milange tinakuganizirapo, popeza ndi pakhomo, koma kontena yosonkherana imayenera kukatsegulidwa ku Blantyre komwe aliyense amatenga zake. Kuchoka kumeneko ine ndimachita hayala lole yobwera kuno, kudutsa pafupi ndi siteshoni imene bambo ankagwirapo ntchito.

Mwana wanga wamkulu, amene tsopano amasunga mabuku a shopu, akuti timange nyumba yosungira katundu pa puloti yathu ya kufupi ndi njanji, poti ntchito yokonza njanji ya Marka kupita ku Bangula inayambika. Ndamuuza kuti aumbe njerwa, zimenezo sizivunda. Simenti ndi malata tigula sitima ya ku Beira ikadzawoloka Shire pa Chiromo.