Munda wa pa foni uja ndakauona

Abale, Loweruka ndinachoka mu Harare kupita ku Goromonzi kukaona amalume amene ndi kapitawo pa famu ina yake, ndiye bwana wawo waika zija akuti digital twin. Ndi munda womwewo koma uli pa kompyuta ndi pa foni, masensa (tizipangizo toyezera) okwirira m'nthaka akutumiza za chinyontho, zithunzi za masatelayiti a Sentinel-2 zikubwera pa masiku 5 aliwonse ngati kulibe mitambo, zonse n'kuunjika pa sikirini imodzi. Nzeru yake ndaikonda zedi koma kaonetsedwe kake ndiye ayi ndithu.

Amalume akhala akulima chimanga ine ndisanabadwe, akangofinya dothi m'manja amadziwiratu kuti likufuna madzi, koma atagwira foni ija anangoti "mphwanga, apa akuti ndithirire kapena ndisathirire?" Magirafu mbwee pa kasikirini kamodzi, timanambala ting'onoting'ono tosaoneka n'komwe padzuwa la masana, komanso kufiira pa mapu ena kukutanthauza kuuma pomwe pa ena kukutanthauza kutentha. Bandulo nayo kumatha mapu asanatseguke. Zinandiwawa kuona munthu wodziwa ntchito yake akudzikayikira chonchi.

Inu opanga zinthuzi chonde pitani kumunda mukaime pamzere ndi anthu ogwira khasu. Munthu akufuna mapu okhala ndi mayina amene iye amatchula, kuchulu, kudambo, kuseri kwa damu, ndi mawu achidule oti uku kwauma thirirani mawa mmamawa, uku masamba asintha kayang'aneni mwina ntchemberezandonda zalowa. Uthengawo uzibwera pa WhatsApp m'Chishona kapena m'Chichewa, olo wa mawu ongomvetsera, poti amalume magalasi awo amawasiya kunyumba akamapita kumunda.