Kasitomala akakuchitani nkhanza, yambirani kuchipatala

Ndikulembera anzanga a m'mabala, kuyambira kwa M'baluku mpaka ku Monkey Bay. Kasitomala wina wopikula usipa anavula kondomu mwakabisira, nditakana kupitiriza anandimenya n'kuthawa ndi foni yanga.

Yambirani kuchipatala, osati kupolisi. PEP, mankhwala oteteza ku HIV aja, amafunika kuyamba pasanathe maola 72, ndipo mumamwa masiku 28 osadumphitsa. M'zipatala za boma ndi aulere. Pemphaninso mapiritsi apangozi oletsa mimba. Auzeni alembe mabala onse m'buku lanu la kuchipatala. Ine anamwino ndi amene anaona zipsera za mano kumsana kwanga, ine ndikungomva kuwawa osadziwa kuti n'chiyani.

Tsono kupolisi. Tsiku limenelo mtima ukundiwawabe. Ndinafika m'mawa, n'kufotokoza zonse pa kauntala anthu ali mbwee kumvetsera. Bwana wake osakweza n'komwe mutu: "Ndiye mwabwera kudzadandaula kuti sanakulipireni?" Anzake kuseka. Anandikhazika pabenchi dzuwa la Mangochi lili phwee, milomo itatupa, mpaka masana. Nditafunsanso, akuti ndikapitiriza kulongolola anditsekera za vakabu. Vakabu yake iti? Ndime imene ankatitolera nayo usiku ija Khoti Lalikulu linaithetsa mu 2017, pa mlandu wa Mayeso Gwanda, venda wa ku Blantyre. Mu 2016 nakonso ku Zomba, Jaji Zione Ntaba anafafaniza chigamulo cha amayi 19 a ku Dedza, n'kunena kuti ndime 146 ya malamulo a milandu, imene anawazengera nayo, ndi yolanga anthu otidyera masuku pamutu, osati ifeyo. Izi ziloweni pamtima. Koma zinenereni mwaulemu, chifukwa mukatukwana akupezerani mlandu wina.

Chakumadzulo akuti galimoto ilibe mafuta, ndipereke kenakake kuti akamusake. Ndalama ya kabaza yobwererayo ndi imene ndinali nayo. Ndinanyamuka.

Ndaiwala: zovala musachape. Zikulungeni mupepala, osati m'jumbo, ndipo ngati n'kotheka musasambe musanaonedwe ndi dokotala.

Amene anandithandiza ndi mayi wina wa gulu lathu, yemwe amatigawira makondomu. Anati, "Achemwali, pa kauntala paja sipoyambira. Muzingonena kuti ndikufuna Victim Support Unit, basi, nkhani mukafotokozere mkati." Imeneyi ndi ofesi ya apolisi yothandiza ochitiridwa nkhanza. Tinabwererako limodzi. Kumeneko chitseko anatseka, wapolisi wamkazi analemba sitetimenti, n'kundipatsa kalata yoti adokotala alembepo lipoti. Palibe tambala ndinalipira. Musapite nokha, nkhope zimasintha akaona kuti muli ndi mboni. Ngati mulibe wokuperekezani, imbani 5600, nambala yaulere ya nkhani za nkhanza.

Lipotilo jambulitsani musanalipereke, ndipo dzina la wapolisi amene akuyendetsa nkhani yanu lembani penapake. Koma PEP musamuchedwetse podikira kalata ya apolisi, maola 72 aja sadikira munthu. Mwamuna uja anamugwira padoko akukweza matumba ake, nkhani ili kukhoti. Foni ndiye sinapezeke.